Ukwati Udikire, Mfumu Ikulankhula

M'dziko la Mvetserani, kumene ngakhale mapiri amaoneka ngati aima kudikira kuti wina amalize kulankhula, munapita zaka zisanu popanda ukwati. Chikondi chinalipo, chochuluka ndithu. Mitengo ya mango inkachita maluwa monga kale, anyamata ankaperekeza atsikana mpaka pa mjigo n'kubwerera okha akumwetulira. Koma ukwati ayi. Lamulo linaletsa.

Lamulolo linabwera chonchi. Kamodzi pa chaka, anthu akakolola, pa Tsiku la Mawu, Mfumu Bwebwetani Wachitatu inkakwera pa nsanja ya bwalo la Pakamwa kukalankhula kwa anthu ake. Chaka china ili mkati molankhula, mumsewu munadutsa ukwati, malipenga ndi ng'oma zikulira, lole itadzaza amayi akuimba. Anthu anatembenuza makosi. Ena anadzuka mwaulemu ngati akupita kuseri, koma n'kutsatira lole ija, pakuti kumene inkapita kunali mpunga ndi thobwa. Mfumu inapsa mtima, inagwira chimkuzamawu ndi manja onse awiri, niti:

"Palibe ukwati m'dziko muno mpaka ine nditamaliza kulankhula."

Mlembi wa malamulo analemba. Ku Mvetserani lamulo limabadwa motero: Mfumu yanena, mlembi wamva, basi. N'kutheka kuti Mfumu inkanena za madzulo omwewo. Koma dzuwa linalowa isanamalize, ndipo mwambo sulola mfumu kulankhula nkhuku zitalowa m'khola. Mwambo womwewo umati mawu a mfumu akadukiza sapitirizidwa pakati, amayambidwanso poyamba chaka chinacho.

Ndiye poyamba pa mawu a mfumu pali maulemu. Nduna iliyonse iyenera kutchulidwa dzina ndi maudindo ake onse, kenako wachiwiri wake, kenako mkazi wake ndi maudindo ake, mpaka kukafika kwa woyang'anira ambulera ya Mfumu. Likatchulidwa dzina limodzi, Nduna ya Maulemu, a Gwadani, ankakweza mpango woyera, amayi a nthungululu n'kululuta, n'kuimba nyimbo yathunthu yotamanda mwini dzinalo, mwini dzinalo n'kuima kugwedeza dzanja. Chaka chilichonse Mfumu inkapanga nduna zatsopano, ndipo chaka chilichonse dzuwa linkalowa ili pa maulemu. Chaka chathachi nkhuku zinalowa Mfumu itangofika pa Wachiwiri kwa Nduna Yoona za Mipando.

Ku msika wa Tatopa anthu anali atazolowera. A Nachisale, telala amene kale ankasoka madiresi a ukwati, tsopano ankasoka maneti a udzudzu ndi nsalu yomweyo.

"Kasitomala wanga woyamba anabwera kudzayeza diresi ali ndi chiuno ngati mavu," ankatero a Nachisale. "Pano amabwera ndi ana awiri kudzafunsa ngati ndingaliwonjezere."

"Inu mukudandaula?" ankayankha a Kachigamba, okonza njinga pafupi ndi shopu yawo. "Ine ndine nkhoswe wa mabanja asanu ndi limodzi amene kulibe. Akayambana amabwera kwa ine. Ndiwalekanitse bwanji anthu oti sanakwatirane?"

A Kachigamba anali atsibweni ake a Sungeni, ndipo Sungeni ndi amene ankatsogolera amayi a nthungululu. Anali ndi lilime loti akaluluta, mbalame zinkathawa m'mitengo ya pa bwalo. Analinso ndi chinsinsi, chimene msika wonse unkachidziwa koma n'kumachisunga mwaulemu: ankakondana ndi Fatsani, mnyamata wolemba mawu a Mfumu.

Ankakumana masana kuseri kwa chigayo, kumene phokoso linkabisa zonena zawo ndipo ufa unkagwa pa tsitsi la Sungeni ngati chophimba cha mkwatibwi chimene dziko linamumana. Tsiku lina, patatsala sabata kuti Tsiku la Mawu lifike, Sungeni anabwera nkhope ili gwa.

"Sungeni," anayamba Fatsani, "ndisanapite patali, ndilole ndithokoze maso akowo, amene ali ngati nyenyezi ziwiri zimene zinasochera masana, ndiponso ndisaiwale khosi lako, limene..."

"Fatsani, wayamba maulemu. Ukufuna kunena chiyani?"

"Ndimakukonda."

"Ukanayamba ndi zimenezo, bwenzi pano tili pa nkhani ina. Tamvera. Atsibweni atopa. Akuti Tsiku la Mawu likadutsanso popanda kanthu, andiwolotsa mtsinje kukakwatiwa ku Mwachidule."

Mwachidule ndi ufumu wa tsidya lina la mtsinje. Mfumu ya kumeneko imalankhula itaima mwendo umodzi, ndipo maukwati amachitika Loweruka lililonse.

"Kwa yani?" anafunsa Fatsani.

"Kwa a Ndatha, ogulitsa matayala. Anabwera kunyumba dzana. Anakhala pansi, n'kuti, 'Ndikumufuna.' Anamwa madzi n'kumapita. Atsibweni mpaka pano akuwatamanda. Akuti sanaonepo munthu wolankhula bwino chotero."

"Nanga iwe?"

"Ine sindikufuna matayala. Koma sindifunanso kudzavala neti ya a Nachisale ndili ndi imvi. Iwe ndiwe wolemba mawuwo. Kodi mathero ake alipo?"

Fatsani anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu ngakhale chigayo chinkabangula. Anamuuza chinthu chimene sanauzepo munthu. Atangoyamba ntchito anapita kwa Mfumu kukafunsa chimene inkafuna kuuza anthu maulemu akatha. Mfumu inamuyang'ana modabwa niti, "Imeneyo ndi ntchito yako." Anafunsa nduna, palibe inakumbukira. Ena ankati inali nkhani ya mlatho, koma mlathowo unakokoloka kale. Choncho Fatsani analemba yekha, mizere iwiri yokha, ndipo mizereyo inakhala pansi pa maulemu zaka zonsezi ngati mbewu pansi pa mwala.

"Mfumu imawerenga chilichonse chili pa pepala," anatero Fatsani. "Siyang'ana kutsogolo, siyang'ana anthu. Vuto ndi kukafikako."

"Ndiye kawauze adule maulemuwo."

M'mawa mwake bwalo la nduna linakumana kukonzekera Tsiku la Mawu. Fatsani analowa chogwada, anawomba m'manja, n'kupempha kuti anenepo kanthu. Mfumu inali pa mpando wake ikumwa madzi ofunda a uchi, poti khosi lake linali chuma cha dziko.

"Mwini dziko," anatero Fatsani, "ndaganiza kuti chaka chino mawu anu akhale ndi mfundo imodzi, yoti mayi wogulitsa tomato akafika kwawo aikumbukire. Muyambe ndi mfundoyo. Muwayang'ane anthu kumaso. Mukanena, mupume pang'ono kuti ilowe. Kenako mumalize iwo akadafuna kumva zina."

A Gwadani anaseka, nduna zonse n'kuseka motsatana malinga ndi maudindo.

"Mwana uyu anaphunzira kuti?" anafunsa a Gwadani. "Mfundo imodzi? Kodi Mfumu ndi wogulitsa makala? Mfundo imodzi anthu akhoza kuikumbukira, ndipo akaikumbukira adzabwera chaka chamawa kudzafunsa kuti ili kuti."

"Nanga kuyang'ana anthu kumaso," inawonjezera Nduna ya Zaumoyo, "n'koopsa. Ena mwa iwo ndi owonda. Mfumu ikhoza kutaya chilakolako cha chakudya."

"Maulemu okha bwanji osangoti, 'Nonse ndakulemekezani'?" anayesanso Fatsani.

Apa nduna zinasiya kuseka. A Gwadani anaima, nkhope itatupa.

"Nonse? Ine ndakhala ndikugwada m'nyumba muno mpaka mawondo anachita zikang'a, kuti lero ndikhale 'nonse' pamodzi ndi woyang'anira ambulera? Mwini dziko, munthu amene dzina lake silinatchulidwe pa nsanja ndi munthu woti kulibe. Mkazi wanga angandione bwanji?"

Mfumu inaika kapu pansi. "Mnyamata, kodi pali amene anadandaulapo ndi mawu anga?"

"Ayi, mwini dziko."

"Kodi amayi saluluta?"

"Amaluluta."

"Kodi chaka chatha sanakomoke anthu?"

"Anakomoka, mwini dziko. Kunali dzuwa."

"Kunali mawu," inatero Mfumu. "Dzuwa limakhalapo tsiku lililonse, koma sakomoka tsiku lililonse."

Nduna zinawomba m'manja. Bwalo linagamula kuti m'malo modula, awonjezere maina a nduna zitatu zatsopano, kuphatikizapo Nduna Yofufuza Chifukwa Chimene Maukwati Achepera.

Fatsani anabwerera kuseri kwa chigayo. Anamufotokozera Sungeni zonse, ndipo kwa nthawi yoyamba anafotokoza mwachidule.

Sungeni anajambula pa fumbi ndi chala cha kuphazi. "Dzina limodzi Mfumu imalitchula nthawi yaitali bwanji?"

"Kupuma kawiri, katatu ngati ndi a Gwadani."

"Nanga nyimbo yathu?"

"Yaitali moti munthu akhoza kuphika mazira."

"Ndiye dzuwa amalidya ndani, Mfumu kapena ife?"

Fatsani anatsegula pakamwa, koma Sungeni anamutseka ndi dzanja lodzaza ufa. "Usafunse. Iwe ungoonetsetsa kuti mizere iwiri ija ilipo. Zinazo ndi za amayi."

Masiku otsatirawo panali kunong'onezana pa msika wa Tatopa. Sungeni ankaima pa benchi la tomato kanthawi, pa mandasi kanthawi, pa shopu ya a Nachisale nthawi yaitali. Amayi a nthungululu ambiri anali ndi ana aakazi odikira, ena anali odikira iwo eni. Amuna akafunsa kuti kukuchitika chiyani, ankauzidwa kuti ndi nkhani ya chitenje chatsopano, iwo n'kuchokapo msanga. A Kachigamba okha ndi amene sanasamale za manong'onong'owo. Anali atalankhula kale ndi mwini bwato kuti m'mawa wa tsiku lotsatira Tsiku la Mawu adzawolotse anthu awiri ndi sutikesi.

Tsiku linafika. Bwalo la Pakamwa linadzaza, poti kusabwera unali mlandu. Anthu anabwera ndi mphasa, chinangwa chophika ndi ana. Nduna zinakhala pa mthunzi. Amayi a nthungululu anakhala kutsogolo pa dzuwa, atavala zitenje za nkhope ya Mfumu, nkhopeyo itatambasuka kumbuyo kwa aliyense malinga ndi thupi lake. Fatsani anaima kuseri kwa nsanja. Sungeni sanamuyang'ane n'komwe.

Mfumu inakwera, inakhosomola, inagwira pepala.

"Wolemekezeka Nduna ya Maulemu, Mlonda wa Khomo Lalikulu, Mwini Mpango Woyera, a Gwadani."

A Gwadani anakweza mpango, anaima n'kuyamba kugwedeza dzanja.

Zii.

Anakwezanso mpango, pamwamba kwambiri. Amayi anangokhala, manja pa miyendo, maso pa Mfumu, ngati ana a sukulu ya Sande. Kutali mbuzi inalira. A Gwadani anatsika pa nsanja chothamanga n'kuwerama pa Sungeni.

"Iwe mtsikana, mpango uwu sukuuona?"

"Ndikuuona, bwana. Ndi woyera bwino."

"Nanga nthungululu zili kuti?"

"Tikumvetsera, bwana," anatero Sungeni mofatsa, koma mokweza moti a pa nsanja anamva. "Zaka zonsezi takhala tikusokosera Mfumu ikulankhula. Tachita manyazi. Mawu a mwini dziko ndi okoma, lero sitifuna kuti ngakhale limodzi litidutse."

"Inde," anavomera amayi kumbuyo kwake. "Tikumvetsera."

A Gwadani anayang'ana mlembi wa malamulo. Mlembi anapukusa mutu: panalibe lamulo loletsa kumvetsera Mfumu, chifukwa palibe anaganizapo kuti zingachitike.

Mfumu inadikira nyimbo, nyimbo sinabwere. Inatchula dzina lachiwiri. Zii. Lachitatu. Zii. Kuyambira tsiku limene inalowa ufumu, Bwebwetani inali isanamvepo mawu ake ali okha. Tsopano inawamva akutuluka m'chimkuzamawu, akukagunda khoma la sitolo kutsidya kwa bwalo n'kubwerera, opyapyala, amanyazi, ngati mlendo amene wafika pa nyumba yolakwika. Thukuta linayamba. Inawerenga mofulumira kuti ithawe cheteyo, koma chete ankaitsatira dzina ndi dzina. Nduna zinkangodzuka theka n'kukhalanso, dzina lotsatira litadutsa kale. Nduna Yoona za Mipando inatchulidwa dzuwa lili pamutu. Wachiwiri wake anadutsa ngati njinga yopanda mabuleki.

"Kodi kuseri kwa a Mipando kulinso anthu?" ananong'ona a Nachisale. "Ine ndimayesa dziko limathera pamenepo."

"Khalani chete, mayi," anatero a Kachigamba, amene anali atasiya kutafuna chinangwa. "Kumeneku sitinafikeko."

A Gwadani anayesa kupulumutsa zinthu. Anayamba kululuta okha. Mawu amene anatuluka anali ngati a tambala wachimfine, ndipo Mfumu inawayang'ana ndi diso loti anakhala pansi.

Woyang'anira ambulera, amene dzina lake linali lisanamvekepo pa bwalo, atalimva analira misozi, ambulera n'kupendekeka. Dzuwa linagwa pa pepala. Mfumu inatembenuza tsamba lomaliza, n'kupeza mizere iwiri yokha, pansi pake poyera. Inadabwa, ndipo podabwapo inachita chinthu chimene Nduna ya Zaumoyo inachenjeza: inakweza maso.

Inaona anthu. Inaona amayi atapsa ndi dzuwa, anyamata a ndevu atakhala patali pang'ono ndi atsikana amene ankawaperekeza ku mjigo zaka zisanu, ana okhala pakati pawo osadziwa kuti aitane ndani kuti chiyani. Onse ankaiyang'ana. Palibe ankagona, palibe ankasenda chinangwa. Mfumu inachita mantha, inathawira pa pepala, n'kuwerenga chimene chinalipo, pang'onopang'ono, poti mpweya unali utaithera.

"Anthu anga, mwadikira nthawi yaitali, ndipo ndakuonani."

Inapuma. Sikuti inakumbukira malangizo a Fatsani, khosi ndi limene linauma. Koma mawuwo analowa.

"Zikomo. Ndamaliza."

Maso onse anapita kwa mlembi wa malamulo. Mlembi analemba, anaika kadontho, n'kugwedeza mutu.

Pamenepo Sungeni analuluta. Mbalame zinathawa m'mitengo. Amayi onse analuluta, amuna anaponya zipewa, a Nachisale anakumbatira a Kachigamba kenako n'kuwakankha. Bwalo la Pakamwa linali litamva nthungululu zambiri, koma zonse zinali za mpango. Izi zinali zochokera m'mimba.

Mfumu inaima kukamwa kuli yasa. M'moyo wake wonse inali isanawomberedwepo m'manja chotero. Maso ake ananyowa. Inatembenukira kwa nduna niti, "Mwaona mmene amandikondera?" Ndipo inagwiranso chimkuzamawu ndi manja onse awiri, monga inachitira tsiku la lole ija.

Fatsani anaona manjawo. Anatulukira pa ngodya ya nsanja n'kukodola Sungeni. Sungeni anali ataona kale.

"Popeza mwakondwa chotere, anthu anga," inayamba Mfumu, "ndikulamula kuti kuyambira lero..."

Zimene inalamula palibe akuzidziwa. Sungeni anakweza lilime lake kufika pamene linali lisanafikepo, amayi anamutsatira, ng'oma zinalowerera, ana anayamba kumenya mabeseni. Milomo ya Mfumu inkayenda, dzanja linkaloza kumwamba, koma chimkuzamawu chinamira ngati kapu mu mtsinje. A Gwadani ankagwedeza mpango kuti anthu atonthole, ndipo amayi, omvera monga mwa nthawi zonse, ataona mpango woyera uli m'mwamba anawonjezera. Mlembi wa malamulo anaika dzanja kukhutu, anapendeka mutu, anadikira. Kenako anatseka cholembera n'kuchiika m'thumba. Nayenso anali ndi chibwenzi cha zaka zisanu.

Anthu anatuluka m'bwalo akuvina, mlembi ali pakati pawo, osasiya phokoso mpaka atafika kumsika. Mfumu inapitiriza kulankhula kwa nduna ndi mphasa zoiwalika mpaka nkhuku zinalowa. M'mawa mwake nyumba ya ufumu inalengeza kuti mawu a chaka chino anali opambana m'mbiri ya dziko, ndipo a Gwadani anapatsidwa udindo wina chifukwa cha luso lawo lokonza mwambo. Za Fatsani sanatchule, ndipo iye anathokoza.

A Kachigamba anapita kwa mwini bwato kukamuuza kuti ulendo walephereka. Kwa a Ndatha anatumiza uthenga woyenera munthu wa ku Mwachidule: "Ayi." A Ndatha anayankha kuti, "Chabwino."

Loweruka lotsatira ku Mvetserani kunali maukwati ochuluka moti abusa ankadalitsa anthu m'magulu ngati mbewu. A Nachisale anamasula neti imodzi n'kuibwezera ku ntchito yake yakale, ndipo Sungeni analowa m'tchalitchi ataphimbidwa ndi nsalu imene inali itamudikira pamodzi ndi udzudzu. Fatsani atafunsidwa ngati akumutenga, anayankha liwu limodzi, ndipo Sungeni anamutsina dzanja pomuyamikira.

Ku madyerero, mpunga utangofika pa matebulo ukufuka nthunzi, a Kachigamba anadzuka. Anakonza jekete, anakhosomola, n'kutulutsa m'thumba mapepala okhuthala ngati njerwa.

"Ine monga mwini mbumba ndili ndi mawu ochepa chabe," anatero. "Koma ndisanapite patali, ndiloleni ndiyambe ndalemekeza a tcheyamani a komiti ya mpunga, amenenso ndi wachiwiri kwa msungichuma wa..."

Fatsani anayang'ana mkazi wake. Sungeni anakweza chophimba kumaso pang'ono, anatembenukira ku tebulo la amayi kumbuyo, n'kunyowetsa milomo.